Mabatani a Kumanja

Zaka ziwiri zoyamba ku Doha ndinkayala mabedi m'hotela ina ya ku Al Sadd, ndipo ndinalibe dandaulo. Anthu akamva kuti umatsuka zimbudzi za alendo amakumvera chisoni, koma ine ntchitoyo inkandikomera pa chifukwa chimodzi chimene sindinkauza munthu, chomwe ndi yunifomu yake. Tonse oyeretsa m'zipinda, amuna ndi akazi omwe, tinkavala thalauza lotuwa ndi malaya otaya ofika m'ntchafu. Ukatiyang'ana kumbuyo tikukankha ngolo za matawulo sukanadziwa kuti uyu ndi ndani. Tsitsi ndinkameta lalifupi n'kumanamizira kutentha, ndipo ku Doha palibe amene angakutsutse pa nkhani ya kutentha.

Ndiye tsiku lina anandiitana ku ofesi n'kundiuza kuti andikweza. Akuti Chingerezi changa chinali chabwino ndipo alendo ankandiyamikira, choncho ndizikaima pakhomo la chipinda chodyera, kulandira anthu odzadya chakudya cham'mawa ndi kuwalozera pokhala. Anzanga anandikumbatira, wina mpaka kuimba nthungululu m'chipinda chosinthira zovala. Ndinamwetulira nawo koma sindinakondwe, chifukwa mavalidwe a akazi oima pakhomo paja ndinkawadziwa. Amati walira mvula walira matope, koma ine mvulayo sindinailire n'komwe.

Ndinabadwa mkazi, ndipo pa pasipoti panga analemba choncho. Dzina la chimene ndili ndilibe, ndipo ndinasiya kalekale kulifunafuna. Chimene ndimadziwa n'chakuti ndikavala diresi ndimakhala ngati ndabwereka thupi la munthu wina. Ku Bangwe kumene ndinakulira ndinkalimbirana makabudula ndi achimwene anga, mpaka mayi anatopa kundikalipira, tinangogwirizana kuti kumaliro ndi kutchalitchi ndizimanga chitenje pamwamba pa thalauza. Anyamata a pasiteji ya minibasi akandikuwiza ndinkawabwezera mawu mpaka iwo eni kuchita manyazi, poti pakamwa panga sipanayambe pasowapo chonena. Koma kumeneko kunali kwathu. Kwa eni kulibe mkuwe.

M'nyumba imene hotela imatigoneka ku Al Nasr munali mtsikana wina wa dziko lina amene akaweruka ankavala malaya achimuna ndi kapu. Munthu wina anakamunenera. Anamuitana ku ofesi kawiri, ndipo sabata yotsatira tinapeza matiresi ake atayedzamira kukhoma. Palibe anatiuza chifukwa chake, palibenso amene anafunsa. Kuyambira pamenepo ndinkadziwa chimene chingandichitikire, ndipo sindinkaopa ndege yokha yondibweza. Ndinkaopa kuti nkhani ikafika ku Bangwe chikwama changa chisanafike, mayi n'kumakaimva pampopi.

Yunifomu yatsopanoyo inali siketi yakuda, jekete, kansalu komanga m'khosi ndi bulauzi yoyera. Siketi ndinaipirira, ndinangodziuza kuti ndi chitenje cha kumaliro chija. Mankhwala ofiiritsa milomo ndinkapaka pang'ono kwambiri n'kumawanyambita supavaiza akangotembenuka. Chimene chinandikanika chinali bulauzi. Inali yoterera, ya kolala yozungulira, yosokedwa mogwira pachifuwa ngati ikulozera anthu poyang'ana. Masiku atatu oyamba ndinkaima pakhomo paja ndikumwetulira alendo kwinaku ndikufuna kulira ndi mkwiyo. Tsiku lachinayi nditaweruka ndinalowa m'sitolo ina ya ku Al Sadd komweko n'kugula mashati atatu oyera achimuna. Wogulitsayo sanandifunse kanthu, koma ndinamuuzabe kuti ndi a achimwene anga.

Nzeru yanga inali yakuti jekete ndi kansalu ka m'khosi zimabisa pafupifupi chilichonse, chimaoneka n'kachidutswa koyera kochepa ngati chikhatho. M'mawa uliwonse tisanatsegule chitseko supavaiza wathu, mayi wa dziko lina wamaso akuthwa, ankatiimika pamzere n'kumayang'ana zikhadabo, tsitsi, milomo ndi nsapato. Akafika pa ine ankangowongola kansalu kaja n'kudutsa. Masabata atatu anatha choncho. Mashatiwo sindinkawatumiza kochapira kwa hotela, ndinkachapa ndekha m'ndowa n'kuyanika mkati mwa chipinda kuseri kwa thawulo. Ndipo ndinene zoona, ntchitoyo inayamba kundikomera. Ndikamva kolala youma ija m'khosi ndinkaima mowongoka, mawu ankatuluka bwino, alendo ena ankabwera n'kumafunsa za ine.

Zinavundukuka chifukwa cha khofi. Bambo wina anatembenuka mwadzidzidzi ali ndi kapu yodzaza m'manja n'kundikhuthulira yense pachifuwa. Anapepesa kwambiri, koma ine za kupsa sindinazimve n'komwe. Supavaiza anandiuza kuti ndithamange kuchipinda cha mayunifomu ndikasinthe, ndibwere pasanathe mphindi zisanu.

Chipinda chimenecho chili pansi pa hotela, ndipo amene ankachiyang'anira anali mayi wina wachikulire wa ku Chiradzulu, telala amene anakhalitsa ku Doha kuposa Amalawi tonse a pahotelapo. Tonse tinkangowatchula kuti Mayi. Anali munthu wa mapemphero, wosaseka zachibwana, ndipo Lachisanu lililonse, tsiku limene timapemphera kuno, ankatiwerenga ndi maso kuti ndani sanapite kutchalitchi. Choipa kwambiri kwa ine chinali chakuti mng'ono wawo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi mayi anga ku Bangwe. Lamulo la m'chipindamo linali lakuti chovala chochapa umalandira ukapereka chimene chada, ndipo akapeza chovala chimene si cha hotela ankayenera kukanena kwa akuluakulu.

Mayi anandipatsa bulauzi, ndinasinthira kuseri kwa katani n'kukulunga shatiyo kuti ndituluke nayo m'khwapa. Mayi anatambasula dzanja n'kunena kuti khofi akauma sachoka. Ndinawapatsa. Anaitambasula patebulo, anagwira kolala, kenako chala chawo chinatsika pamzere wa mabatani pang'onopang'ono. Amene sasoka sadziwa zimenezi, nanenso ndinali ndisanaziganizirepo mpaka nditaona chala chija. Malaya achimuna mabatani ake amakhala kumanja, a akazi amakhala kumanzere. Mayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, anaika shatiyo pansi pa tebulo osati m'dengu la zochapa, n'kundiuza kuti ndifulumire akundidikira.

Masiku anayi otsatira sindinadye chakudya n'kuchimva kukoma. Ndinabwerera ku bulauzi, mashati awiri otsala aja ndinawabisa pansi pa chikwama. Supavaiza akanditchula dzina kapena foni ya pakhomo ikalira ndinkati basi ndi a ku ofesi. M'basi ya ogwira ntchito Mayi ankakhala kutsogolo monga mwa nthawi zonse, ine kumbuyo ndikuyang'ana duku lawo ngati lingandiuze zimene akuganiza. Mayi anga ataimba foni ndinatchera khutu kwambiri kuti ndimve ngati mawu awo asintha, koma ankangodandaula za kuzima kwa magetsi. Mpaka ndinayamba kulakalaka kuti angondiitana zithe, chifukwa kudikirako kunkandipweteka kuposa chilangocho.

Tsiku lachisanu ndikudya m'kantini Mayi anaima kumbuyo kwanga atanyamula mbale yawo.

"Ma shirt enawo ubweretse tomorrow. Onse."

"Mayi, amene aja ndi a achimwene anga, ndinangoti..."

"Sindinafunse mwini wake. Ndati ubweretse."

Anapita kukakhala patebulo lina. Ine ndinangoti basi, akusonkhanitsa umboni kuti akapita ku ofesi asakapite chimanjamanja. Masana amenewo nditafika ku Al Nasr ndinaika mashatiwo m'jumbo n'kupita nawo pabini lalikulu la kuseri kwa nyumba. Ndinaima pamenepo dzuwa likuswa mtengo, amphaka akundiyang'ana. Kutaya sikukanathandiza kanthu poti imodzi anali nayo kale. Komanso mtima wanga wouma uja unadzuka. Sindinabe, sindinatukwane mlendo, sindinachedwepo kuntchito ngakhale tsiku limodzi, nanga ndizitaya bwanji zovala zanga ngati zonyansa? Ndinabwerera nazo, ndipo m'mawa mwake ndinakaziika patebulo la Mayi. Sanadzutse mutu n'komwe pamakina awo.

Panapita masiku ena awiri, kenako supavaiza anatiuza pamzere kuti hotela ikusintha chizindikiro chake, ndiye majekete onse awatenga kuti akasokepo chatsopano. Kwa mwezi wathunthu kuyambira Lamlungu tizigwira ntchito ndi bulauzi yokha ndi kansalu ka m'khosi, ndipo tsiku loyambalo mkulu wa hotela adzabwera yekha kudzationa pamzere. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale khofi uja akanapanda kutayika, nzeru yanga inali itatsala ndi masiku ochepa. Ndikanavula jekete pamaso pa mkulu wa hotela ndili m'shati yachimuna ya mapewa otambalala ndi kolala yosongoka. Ndinadziona kupusa kwambiri.

Loweruka nditaweruka Mayi ananditumizira uthenga kuti nditsikire kuchipinda chawo. Ndinatsika masitepe ndikuyembekeza kukapeza supavaiza atakhala momwemo. Ndinapeza Mayi okha, ndi mashati anga atatu atapachikidwa pamahang'ala, ochapidwa ndi kusitidwa bwino, banga la khofi lija litachokeratu. Koma sanali mashati anga aja ayi. Nsonga za kolala anazidula n'kuzisoka mozungulira. Mapewa anawabweza, m'mbali anapinda kuti pakhale kachiuno, thumba la pachifuwa anachotsa, ndipo kumbuyo kwa khosi anasokapo kachikwangwani ka hotela kokhala ndi nambala yanga ya ntchito. Aliyense akanati ndi bulauzi za hotela.

Ndiyenera kuvomera kuti choyamba kubwera sichinali chiyamiko. Unali mkwiyo wotentha, mpaka misozi inalengeza. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho m'dziko lino chonena kuti ine ndine ine, mayi ameneyu anachitenga osandifunsa n'kuchisandutsa chimene ndinkathawa. Ndinatsala pang'ono kunena kuti mwawononga zovala zanga, koma ndinakumbukira matiresi oyedzamira kukhoma aja, ndinameza mawuwo. Anandiuza kuti ndiyese imodzi aone ngati ikukwana.

Ndinalowa kuseri kwa katani kuja n'kuivala mokwiya. Nsalu inali yomwe ija, youma, yosaterera. Pachifuwa sanagwiritse ngati bulauzi ya hotela, anasiyapo malo opumira. Ndiye ndinayamba kumanga, ndipo zala zanga zinangopita zokha kumene zinazolowera, n'kuwapeza. Mabatani anali kumanja. Ndinaima kanthawi nditagwira batani lachiwiri, kenako ndinatuluka.

Mayi anandizungulira, anakoka apa ndi apo, anachotsa kaulusi paphewa.

"Za ma jacket ndinamva last week, kuno timamva zinthu poyamba," anatero. "Collar ndi ma shoulder akanakugwira nazo pa line. Izi sangakugwire."

"Nanga mabataniwa, Mayi? Mwaiwala?"

"Zaka zonsezi ndikusoka ndingaiwale mabatani? Ndikanafuna ndikanawatembenuza. Ndawasiya. Hotela yonse ino amene amayang'ana mabatani ndine ndekha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, sindikudziwa kuti ndikanayambira pati, koma anakweza dzanja.

"Za moyo wako sindikufunsa, iwenso usandiuze. December ndikupita ku leave, ndikakakumana ndi mayi ako ndikufuna ndikanene kuti mwana wanu akugwira bwino ntchito, khalas, basi. Chimene sindinamve sindinganyamule. Yalla, fulumira, bus ikusiya."

Sanandikumbatire, sanamwetulire, ndipo Lachisanu lotsatira anandifunsabe chifukwa chimene sindinaonekere kutchalitchi. Sindikudziwa chimene amaganiza za ine, ndipo nthawi zina ndimaopa kuti amandipempherera kuti ndisinthe.

Lamlungu lija tinaima pamzere opanda majekete, akazi asanu ndi mmodzi. Mkulu wa hotela anayenda kutsogolo manja ali kumbuyo, supavaiza akumutsatira. Anzanga onse malaya awo ankatsekera mbali imodzi, anga okha mbali ina, ndipo kwa ine zinkaoneka poyera ngati mbuzi pakati pa nkhosa. Mkuluyo anandiyang'ana nsapato ndi tsitsi n'kudutsa. Supavaiza anaima patsogolo panga, anawongola kansalu ka m'khosi, ndipo chala chake chinakhudza batani lachiwiri lija. Anati ndiwonjezere zofiiritsa milomo, n'kupita kwa wotsatira.

Majekete anabwera patatha mwezi, ndipo ndikadali pakhomo lomwe lija. M'mawa uliwonse supavaiza akafika pa ine ndimasiyabe kupuma mpaka adutse, ndipo sindikhulupirira kuti mantha amenewa adzatha ndili kuno. Koma bulauzi za hotela zija tsopano zili m'pepala la pulasitiki pansi pa chikwama, pamene pankakhala mashati.