Chingwe cha Lipenga Lotsala

Kukangoyera, aMalipenga amayamba ndi pemphero, kenako amaviika manja m'madzi ofunda. Popanda kutero zala sizipindika. Akatero amatsegula kachipinda ka kuseri kwa nyumba, momwe muli tebulo, kabotolo ka mafuta, mpukutu wa chingwe chakuda ndi mipando iwiri.

Dzinali anawapatsa ndi akumpingo, poti kwa zaka makumi atatu akhala akukonza malipenga a bandi ya tchalitchi. Mtima wawo unali pa malipenga anayi opiringizika ngati nkhono, amene woimba amalowetsa dzanja kukamwa kwake. Pa malipenga amenewa, chala chikakanikiza, kachingwe ndi kamene kamatembenuza valavu, kachitseko ka mpweya kosintha mawu. Kumanga kwake kumafuna kudekha: mfundo kunsonga, kuzunguliza pa kabawuti, kudutsitsa kuseri, kukoka koma osathinitsa. Chingwe chomangidwa bwino sichimveka n'komwe. Imamveka ndi nyimbo yokha.

Tsiku lina pa maliro a mkulu wa mpingo, nyimbo ili pakati, lipenga la mlamu wawo linalira ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Chingwe chinali chitaduka. Amayi ena anabisa nkhope m'mipango, ndipo sichinali chisoni.

M'mawa mwake mlamuyo anabwera nalo atalikulunga m'thaulo.

"Alamu, ichi si chingwe changa," anatero aMalipenga atangoyang'ana. "Uwu ndi ulusi wa mbedza. Mumafuna kuwedza ndani pamaliro?"

"Chija munamanga chinayamba kuthetheka. Ndinati ndisakuvutitseni ndi manja anuwo."

"Ulusi uwu kabawuti kamaudula. Mukanangobwera."

"Chonde, alamu, aphunzitsi asamve. Andichotsa m'bandi."

Munthuyo anali mchimwene wa akazi awo, choncho aMalipenga anamusungira chinsinsi. Pa msonkhano wa bandi aphunzitsi, amene amatsogolera oimba, anayankhula mwaulemu ndithu. Anati manja a bambo athuwa atopa, ndipo zingwe ndi zamakedzana. "Tiike tizitsulo. Chitsulo sichiduka." AMalipenga anangowerama. Mlamu wawo anali kuyang'ana pazenera.

Malipenga atatu anapita kwa amisiri ena n'kubwerako ndi tizitsulo tonyezimira. Lipenga lachinayi analibweza, ati ndi lakale kwambiri, tizitsulo sitikwanapo. Ndi limene latsala m'manja mwawo.

N'zoona, chitsulo sichiduka. Koma chikauma mafuta chimagogoda, ndipo palibe amene amakumbukira kuthira. Lamulungu lililonse, nyimbo ikafika poimba motsitsa, aMalipenga amamva ke-ke-ke, ngati wina akuwerenga mabatani kuseri kwa guwa.

"Zimenezo mumamva ndinu nokha, bambo," amatero akazi awo pobwerera.

"Ambuye amamvanso."

"Ambuye amamva ndi chifuwa chanu chomwe, koma sanadandaulepo."

Amaseka pang'ono, n'kupitiriza ulendo mosathamanga, poti maondo nawo ayamba kukana.

Lero anakhala pansi kuti asinthe chingwe cha lipenga lotsalalo. Kale inali ntchito yoti madzi a tiyi asanawire amakhala ataimaliza. Chingwe chinapulumuka katatu. Kachinayi chinalowa pabowo, koma chala chinakana kugwira mfundo, ndipo anakhala kaye manja ali pamaondo mpaka dzuwa linafika patebulo. Akudziwa kuti tsiku limene zala zidzakaniretu, lipengalo adzalikweza pamwamba pa kabati ya kutchalitchi, pamodzi ndi ng'oma yobooka.

Mpando wachiwiri uja, umene mpaka lero ukudikira wophunzira, anaugula zaka zitatu zapitazo, za maliro zija zisanachitike. Sabata imene anaugulayo anaimitsa aphunzitsi pakhomo la tchalitchi, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, nditumizireni munthu mmodzi, aliyense. Adzakhale nane m'mawa katatu kokha, ndimuonetse kamangidwe kake zala zisanandithawe."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, koma wina anawaitana m'katimo, ndipo analowa.