Thabwa la Mabatani Awiri

Dzanja langa lamanja ndinabadwa nalo lofooka. Zala zake n'zopindika, sizigwira chinthu mwamphamvu, choncho kulemba, kudya ndi kutunga madzi ndinaphunzira ndi lamanzere. Kwathu ku Madzimoyo, komwe atate ankaphunzitsa sukulu ya pulayimale, aliyense anazolowera moti nkhaniyi sinkatchulidwa n'komwe. Inadzatulukira pamene gemu inalowa m'nyumba, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Gemuyo anatibweretsera ndi amalume, amene anali kalaliki ku Chipata. Kanali kabokosi kotuwa kolumikiza ku TV, kokhala ndi zogwirira ziwiri za zingwe zomwe tinkazitcha mapadi. Magetsi kunalibe. TV ndi gemu zonse zinkadya batire ya galimoto, imene atate ankaimangirira pa njinga n'kukatchajitsa m'tauni pakatha milungu iwiri.

Padi imafuna manja awiri. Chala chamanzere chimayendetsa kamunthu ka pa TV, chamanja chimakalumphitsa ndi kukaponyetsa miyala. Alongo anga awiri anaidziwa tsiku lomwelo. Ine ndinayesa kamodzi, kamunthu kanga kanagwera m'dzenje katatu, ndipo ndinaponya padiyo pa mkeka.

"Zachibwana izi," ndinatero. Komabe masana aliwonse ndinkakhala pakhomo, maso ali pa TV.

Atate sanandifunse kanthu. Loweruka lina atadya, anangotulutsa tebulo pakhonde n'kuyamba kumasula padi imodzi ndi nsonga ya mpeni.

"Mwayambapo," anatero amayi. "Wailesi ija munaitsegula ili kuti lero?"

"Ija inali itafa kale."

"Inkalankhula pang'ono. Inu ndi amene munaimaliza."

Atate anaseka, osadzutsa mutu. Anatenga kathabwa, n'kukhomerapo zivindikiro ziwiri za polishi wa nsapato, chilichonse chili ndi kachitsulo kofwamphuka pansi pake. Mawaya anachotsa m'wailesi yakufa ija. Powotcherera ankatenthetsa msomali pa mbaula, n'kuugwira ndi pulayala. Cholinga chawo chinali chakuti ine ndiziyendetsa kamunthu ndi dzanja lamanzere, kulumpha ndi kuponya ndizipondera ndi phazi. Pomaliza anawonjezera kababu ka tochi, kuti kaziyaka ndikaponda. Kababuko kanalibe ntchito, koma ndi kamene ankakanyadira kwambiri.

"Bwera, mayi, udzaponde," anandiitana.

Ndinaponda. Kababu kanayaka, koma kamunthu kanangoima njo. Ndinadina mabatani a padi, osasuntha. Gemu inakhala ngati siikudziwa kuti pali padi yolumikizidwa. Mlongo wanga wamng'ono anayamba kulira kuti tsopano sazisewera awiri, ndipo wamkulu anandiyang'ana ngati ndine ndawononga. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Manyazi anga sanali a dzanja ayi, koma oti atate ataya tsiku lonse chifukwa cha ine.

Mlungu wonse ankati akaweruka kusukulu, ayambenso kumasula ndi kulumikiza, choko chidakali m'manja. Sizinatheke. Tsiku lotchajitsa batire litakwana, anakulunga padi ndi thabwa m'nyuzipepala n'kupita nazo. Bambo wotchaja mabatire uja ankakonzanso mawailesi, ndipo akuti anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, moto wobwera mu padi ndi wochepa. Kababu kanuka kakuumaliza wonse. Kachotseni."

Atate anabwerako ali thukuta lokhalokha, nadula kababu kawo ndi nkhope ya munthu wogulitsa mbuzi yokondedwa. Nditaponda, kamunthu kanalumpha. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Pasanathe mwezi ndinali nditawapitirira alongo anga onse, wamkulu n'kumadandaula kuti phazi ndi kubera.

Kenaka panabuka vuto lina. Batire imene inkatha milungu iwiri inayamba kufa pa masiku asanu. Nthawi ya nkhani chithunzi chinkafota n'kuzimiririka wowerenga ali pakati pa chiganizo. Atate anaganiza kuti mawaya awo akugundana penapake n'kumadya moto. Anafufuza, sanapeze kanthu. Anatichepetsera nthawi yosewera, koma batire inkafabe.

Tsiku lina mutu unandipweteka ndipo anandibweza kusukulu nthawi ya m'mawa. Ndinapeza lichero la mtedza lili pakhonde lokha, nkhuku zikudzithandiza. M'nyumba munkamveka kanyimbo ka gemu. Nditasuzumira, ndinaona amayi ali pa mpando, chitenje atamanga zolimba, phazi likuvina pa thabwa langa. Anali atafika malo amene ine ndinali ndisanawaonepo.

"Amayi!"

Anadzidzimuka, kamunthu n'kugwera m'madzi.

"Taona wandiphetsa," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Ndimangoyesa ngati atate ako anakonza bwino. Limapondeka ngati makina anga osokera. Usakanene, wamva?"

Sindinanene. Koma Lamlungu titachoka kutchalitchi, atate anatenga mpeni uja n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Mwana wanga, ndilichotse kaye thabwali. Likutithera batire."

Ndinayang'ana amayi. Iwo anayang'ana kudenga, kenaka anapumira m'mwamba.

"Lisiyeni thabwa la mwana. Batire ndimamaliza ndine."

"Inu?"

"Mukapita nonse kusukulu ndizicheza ndi yani? Mtedza?"

Atate anaika mpeni pansi. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. Chimene chinawasangalatsa koposa n'chakuti mawaya awo analibe mlandu, ndipo anabwereza zimenezo kangapo tsiku limenelo. Anapempha amayi kuti asewere tonse tikuona. Amayi anakana kawiri, kachitatu anavula nsapato.

Kuyambira pamenepo atate ankapalasa njinga kupita m'tauni Loweruka lililonse, ngakhale nthawi ya dzinja msewu uli matope. Ine ndi amayi tinkasinthana thabwa, iwo m'mawa, ine masana, mpaka chivindikiro chimodzi chinaphwanyika ndipo atate anachita kumaliza msanga polishi wawo kuti apeze china.