Msana wa a Mlatho

Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Kugombe aliyense ankawatcha a Mlatho, ngakhale akazi awo ankatero akapsa mtima.

Ntchito yawo inali yobereka alendo. Maboti ochokera kumahotela ankapita ndi anthu kukachilumba kena kakang'ono kukaona akamba akuluakulu, koma sankafika kumtunda chifukwa cha miyala yakuthwa ya pansi pa madzi. Boti linkaima pamene madzi amalekeza m'chiuno, ndipo amuna asanu ndi mmodzi ankalowa m'nyanja kukatenga alendo kumsana, mmodzimmodzi. A Mlatho anawalowetsa ntchitoyi ndi amalume awo, ndevu zisanamere, ndipo anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Nkhope za alendo sankazisunga. Chomwe ankadziwa ndi mawondo owapana m'nthiti, fungo la mafuta odzola padzuwa, ndi kamera yowagogoda pankhongo. Ena ankakuwa ngati akwera bulu, anzawo akujambula. A Mlatho ankaseka nawo, poti bwana wa maboti ankati mlendo sakonda wantchito wokwinya nkhope. Mapazi awo anali ming'alu yokhayokha, ndipo mchere sunkalola chilonda kupola. Akaweruka ankagona chafufumimba pasimenti, akazi awo n'kumawaponda msana ndi chidendene, uku akuwanena kuti abereka dziko lonse koma mwana wawo yemwe sanamuberekepo.

Chaka chatha mwendo wamanzere unayamba kuchita dzanzi. Kuchipatala anawauza kuti mafupa a msana akupana mtsempha, asiye kunyamula zolemera. Iwo anavomera mwaulemu, m'mawa mwake n'kulawirira kugombe. Sanauze munthu, ngakhale alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ankabereka nawo alendo.

Tsiku la ngoziyo nyanja inali bata. Anzawo anawasiyira mayi wina wokalamba, wochepa thupi, wopepuka ngati mwana. Wolondolera alendo anati mayiyo anabwerapo ali mtsikana ndipo ankafuna kuwaonanso akambawo. Mayiyo anawagwira a Mlatho m'mapewa mosamala, akuyankhula zachikwawo ndi mawu otsika. Atatsala pang'ono kufika pamchenga, mwendo uja unangosowa. Sunapweteke ayi. Anaponda, koma panalibe chopondera. Anagwa cham'mbali, mayiyo n'kumenyetsa chiuno ndi mutu pamwala. A Mlatho anamuvuula okha, akukwawa ndi mawondo. Mayiyo sanalire. Ankangowayang'ana, magazi akutsika kuseri kwa khutu, chipewa chake chikuyandama.

Bwana sanakalipe. Anawaitanira kuseri kwa shedi yosungiramo mainjini.

"Kapumeni kaye, madala. Tikuitanani."

Mwana wamkazi wa a Mlatho amakonza zipinda kuhotela komwe mayiyo ankagona. Atamufunsa, anati mayiyo anthu anamunyamula pamachira kupita naye ku ndege, ndipo m'chipindamo munalowa ena tsiku lomwelo. Zoti ali moyo kapena ayi, woyala mabedi sauzidwa.

Patatha miyezi itatu, eni maboti anamanga doko la matabwa pakachilumbapo, ndipo obereka onse ntchito inawathera. Alamu aja anabwera masana ena kudzawazonda. Anakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, akuwalimbitsa mtima kuti mwala wa ndere ugwetsa aliyense, palibe amene akuwaloza chala. A Mlatho anamvetsera, kenako anayankha.

"Alamu, sindinaterereke. Adokotala anandiletsa kalekale. Ndinkadziwa."

Alamuwo anayang'ana mwendowo nthawi yaitali. Anaika kapu pansi, tiyi ali theka, natsanzika mlongo wawo yekha. Sabata isanathe nkhani inali itafika kwa anzawo onse, ndipo anayamba kudzera njira ya kuseri kwa msika popita kunyanja, kupewa pakhomo pa a Mlatho.

Lero a Mlatho amayenda ndi ndodo, kuchoka pabedi kufika pakhonde. Kumeneko amaboola tizigoba ta m'nyanja ndi msomali, akazi awo n'kumatunga mikanda yokagulitsa pageti la hotela. Akazi awowo amawaphikira, amawachapira, koma akamawayankhula amangowafunsa za mankhwala ndi madzi osamba basi. Alamu anapita kutauni kukasenza matumba a simenti, ndipo akaimba foni, mlongo wawo amakayankhira kuseri kwa nyumba. Tizigoba tambiri timasweka poboola. Toswekato a Mlatho amatisesera m'chitini ndi dzanja, n'kutenga kena.