Alamu Anga Agawolanji

Alamu anga, achimwene a malemu amuna anga, anagwira ntchito ya umesenjala kukhoti zaka makumi atatu. Ankanyamula mafayilo, kupukuta tebulo la woweruza, ndi kuima pakhomo n'kumafuula mayina a oimbidwa milandu. Sukulu anailekeza msanga, koma makutu awo anatola zambiri.

"Mlamu," ankandiuza, "inu akutchalitchi mumasokoneza zinthu. Tchimo ndi lina, mlandu ndi wina. Kuti pakhale mlandu pafunika lamulo lolembedwa kale, munthu achitedi chinthucho, ndiponso achichite mwadala. Pakasowa chimodzi, munthuyo ndi mfulu."

Zinali nzeru ndithu, kungoti ankalowa nazo m'nyumba. Akazi awo akadandaula kuti atha okha ndiwo ana asanadye, iwo ankafunsa kuti, "Gawo lanji la malamulo?" Mayiwo atagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri, alamu osapondako n'kamodzi komwe, funso linali lomwelo. Anthu anawapatsa dzina loti Agawolanji, eni ake n'kulikonda.

Kunena zoona, sanabepo, sanamenyepo munthu. Ankadzitama kuti dzina lawo silinafuulidwepo pakhomo la khoti. "Ndipo ndikanadziwa," ankatero, "wofuula ndine."

Mwezi umene anapuma pantchito, akazi awo analongedza zovala ndi makina awo osokera n'kupita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi, namwino. Patatha sabata zitatu alamu anafika kwanga, malaya ali makwinyamakwinya.

"Ndiperekezeni, mlamu, inu amakumverani. Munthu sangathawe banja chonchi. Umenewu ndi mlandu."

Tinapita. Anavala jekete lawo lakuntchito, fayilo ili m'khwapa. Mayiwo tinawapeza pakhonde akusoka yunifolomu ya mdzukulu.

"Mayi," anayamba alamu ndi mawu akukhoti aja, "mwasiya nyumba popanda chilolezo."

Makina sanaime. "Gawo lanji, bambo?"

Alamu anatsegula fayilo, kuiyang'ana, n'kuitsekanso. Gawolo kunalibe, ndipo pa za malamulo sankanama.

"Chabwino. Nanga ine ndinalakwanji? Ndinakumenyanipo?"

"Ayi."

"Zakuchipatala zija sindinachite dala. Ntchito inandichulukira."

"Ndikudziwa," anayankha mayiwo, akudula ulusi ndi mano. "Zaka zonsezi simunandichitirepo kanthu mwadala, choipa kaya chabwino. Ndinu mfulu, bambo. Inenso ndine mfulu. Achemwali, mumwa tiyi?"

Ine ndinamwa. Wa alamu anazizira m'kapu.

Lamulungu lotsatira ndinawaona pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi, mmene anali atalowamo komaliza pamaliro a mng'ono wawo. Potuluka anandidikira pansi pa mtengo.

"Mlamu, zanu zija zoti munthu amalakwanso posachita zimene anayenera kuchita, zinalembedwa penapake?"

Ndinawatsegulira Baibulo langa. Anavala magalasi n'kuwerenga kawiri, chala chikuyenda pamzere monga ankaonera maloya akuchita.

"Ndiye lamulolo linalembedwa kale," anatero motsitsa mawu. "Apilo yake amakachitira kuti?"

"Pakhonde lomwe lija, alamu. Koma fayiloyo muisiye."

Tsopano amapita Loweruka lililonse, atanyamula ulusi ndi mafuta a makina. Ulendo woyamba anagula ulusi wa mtundu wolakwika, koma anaugula mwadala, ndipo mayiwo anaulandira. Koma kunyumba mayiwo sanabwererebe. Alamu akafunsa tsiku, iwo amati mlanduwo auimitsa kaye, woweruza akusoka.