Tinaodira Pakhomo pa Fakitale ya Amalume

Tsiku limene amalume ankachoka m'tauni anadzuka n'kuvala jekete ndi tayi. Katundu anali atamangidwa kale: matiresi opinda, mbale m'ndowa, nkhuku ziwiri m'dengu. Lole yowatengera ku Ntcheu inati ifika 2 koloko masana. Matenda a shuga anali atawatupitsa miyendo, m'maso munali ng'ala, ndipo moyo wa ku Kawale unali utawalemera.

"Ndikaone kaye kuntchito," anatero.

Kuntchito ankanenako kunatsekedwa ine ndili ku pulayimale. Inali fakitale ya ku Biwi yopanga ndowa ndi mbaula, kumene anapinda malata kuyambira unyamata mpaka imvi. Akazi awo, omwe ndinkawatchula kuti anti, anayesa kuwaletsa koma analephera. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Iwe, aperekeze. Koma 1 koloko ikwane muli pano. Dalaivala uja sadikira munthu."

"Chabwino, anti."

Masiku amenewo ndinkavomera chilichonse. Ndinali ndi miyezi itatu yokha m'tauni, nditamaliza Folomu 4 kumudzi, ndipo chimene ndinkaopa koposa chinali choti wina anene kuti mwana uyu alibe mwambo.

Kuchoka ku Kawale kukafika ku Biwi si patali kwa munthu wa miyendo yabwino. Ife tinayenda ola ndi theka. Kabaza amalume anaikana. "Njira ndayenda zaka zonsezi, lero ndikwezedwe ngati thumba la makala?" Munali mu Okutobala, fumbi likulowa mpaka m'mano. Tinadutsa magalaja, owotcherera zitsulo, mainjini otsitsidwa m'mbali mwa msewu. Tinapuma kanayi. Popuma paliponse nkhani inali imodzi, makina opindira malata amene ankagwirapo.

"Chigwiriro chake n'chachitali chonchi. Ndikangochigwira kamodzi, basi, ndizipita kwathu."

Chinyumba chija chinalipo, denga lake ladzimbiri, koma khoma lonse lakutsogolo linali lojambulidwa. Panali nkhope ya mayi yofika kudenga, mbalame zobiriwira zikutuluka m'duku lake. M'matayala akale anadzalamo maluwa. Chitseko chachikulu chinali chotsegula, mkati mukumveka nyimbo. Zonsezi ndinkawafotokozera chifukwa iwo ankangoona chimbuuzi.

"Nkhope ya ndani?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Chabwino. Odira."

Ndinaima chapatali pang'ono ndi khomo monga tinaleredwera, n'kuwomba m'manja. "Odi!" Ng'oma za pa sipika zinameza mawu anga. Ndinabwereza. Palibe anayankha.

Pambali pa khomo panali benchi ya matabwa, tinakhala pamenepo. Kwathu mlendo salowa asanauzidwe kuti alowe, ndipo sayamba ndi iye kupereka moni. Amakhala pansi, eni khomo amalize zochita zawo, abwere adzamulonjere. Amalume anakalambira m'tauni, koma pa chimenechi sanasinthe.

Panadutsa mnyamata wa tsitsi lopota, gitala kumsana. "Mwatchenatu, madala! Ukwati uli kuti?" Analowa osadikira yankho.

"Ndi mwini wake ameneyo?" anafunsa amalume.

"Akuoneka ngati mlendo."

"Nanga walowa bwanji?"

"Wangolowa."

"Imangolowa ndi mbuzi."

Kenako panalowa atsikana awiri akuseka pa foni, mzungu wovala kabudula, ngakhale mayi wogulitsa nthochi, beseni lili pamutu. Pofika pa mayi ameneyu ndinali nditadziwa kale kuti pano anthu saodira. Ndikanatha kulowa ndekha, kukapeza munthu, n'kumuuza kuti panja pali abambo odwala. Koma ndikaganiza zolowa, ndinkamva mawu a amalume onena za mbuzi. Ndikaganiza zowauza kuti mwambo wawo sukugwira ntchito pano, ndinkaopa kuoneka wopanda mwambo. Ndiye ndinkangodzuka, kuodira, n'kubwerera pa benchi, ulendo uliwonse mawu akucheperachepera.

Mthunzi unatithawa. Thukuta linanyowetsa kolala ya amalume, koma jekete sanavule. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinayamba kuwaluma, ndinagwada n'kumasula zingwe. Nkhani ya makina anali atasiya. Ankangopuma ndi pakamwa, chipewa chili pabondo.

Itadutsa 12 koloko, panatuluka mayi wina wovala ovolosi ya madontho a penti, kudzataya madzi otsukira mabulashi. Anatiyang'ana kawiri.

"Abambo, mukudikira wina?"

"Takhala tikuodira, mayi."

"Kuyambira nthawi yanji?"

"10 koloko," ndinanong'ona.

"Mayo ine! Muno mulibe woyankha odi, aliyense amangolowa. Inunso achimwene, kuwakhazika padzuwa abambowa khomo lili chitsegulire? Pakamwa munasiya kunyumba?"

Ndinayang'ana pansi n'kupepesa. Iye anaika chitini chake pambali, ananyonyomala pamaso pa amalume n'kuwalonjera bwinobwino. Amalume anayankha moni wonse osadumpha kanthu: za thupi, za kunyumba, za kumene tachokera, za chimene tabwerera. Ine maso anali pa foni.

Mkati munali mozizira. Holo imene amalume ankati munkakwana malole atatu inali itadulidwadulidwa ndi matabwa kukhala tizipinda. Kwina atelala ankasoka zikwama za zitenje. Kwina khoma linamatidwa matileyi a mazira, mayi uja anati ndi mojambulira nyimbo. Zithunzi zinali zoyedzamira paliponse, ndipo munkanunkhira khofi. Amalume anaima n'kutembenuka uku ndi uku.

"Apa panali posungira zipangizo. Ayi, kapena apo. Khomo la kapitawo lili kuti?"

"Tinalitseka ndi njerwa, abambo. Koma makina anuwo alipo, kumapeto uko. Tinalephera kuwasuntha, amuna khumi anagonja."

Amalume anaseka koyamba tsiku limenelo. Tinayamba kuyenda, iwo atandikolowekera mkono m'khosi. Pakati pa holo miyendo inakana. Ndinamva thupi lawo lonse likunditsamira, mayi uja anathamangira kampando. Amalume anakhala, n'kuyesa kudzuka, n'kukhalanso. Maola awiri a pa benchi anali atadya mphamvu zimene anasungira pamenepa.

"Ukuwaona makinawo?" anandifunsa.

"Ndikuwaona."

"Ali bwanji?"

"Anawapaka penti yachikasu. Ayanikapo malaya."

"Chigwiriro chilipo?"

"Chilipo."

"Pita ukachitsitse."

Ndinayang'ana mayi uja, iye anagwedeza mutu kuvomera. Ndinapita, ndinachotsa malaya awiri n'kuwapinda bwino, n'kugwira chitsulo chija. Sichinasunthe. Ndinalendewerapo thupi lonse, ndipo chinatsika pang'ono ndi kulira kwakuthwa kumene kunaposa nyimbo. Atelala anaimitsa makina awo. Wa gitala uja anasuzumira n'kukuwa kuti, "Aise, ugwetsa nyumba!"

Nditabwerera ndinapeza amalume atapendeketsa mutu, khutu lili kumene kunachokera phokosolo.

"Alibe girisi," anauza mayi uja. "Kumanzere kuli kabowo. Muzithiramo, ngakhale simukuwagwiritsa ntchito."

Mayiyo analonjeza. Anatinso amalume abwere Loweruka, pamene achinyamata amasonkhana kulakatula ndakatulo, adzawafotokozere mmene malowa analili kale.

"Loweruka ndidzakhala ndili ku Ntcheu, mayi."

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 1 koloko. Sindinanene, koma amalume anamva mmene ndinkatulutsira foni m'thumba n'kuibwezamo. Anandipatsa dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo tinatembenukira kukhomo. Pobwerera kuchoka pa makina paja ndinali nditawerenga mapazi mpaka pa kampando kawo. Anali makumi awiri ndi awiri.