Chala Chopindika cha Ngwazi

Madala a m'chipinda chapansi, aja ankanyamula zitsulo m'zionetsero ku Coney Island ali mnyamata, sasowa pakhonde la nyumba yosanja ku Brooklyn. Amakhala pamenepo ndi khofi wozizira, n'kumauza aliyense wodutsa kuti ngwazi ija ya m'timabuku ta zithunzi, yonyamula sitima ndi dzanja limodzi, ndi iwowo.

"Awiri aja amene anayambitsa timabukuto akalambira m'makhoti, wina akuti ndinalemba ndine, wina akuti ndinajambula ndine. Nanga amene anaimirira tsiku lonse atavala kabudula wothina kuti amujambule ndani?"

Anthu amangoseka. "Taulukani tione, agogo."

Tsiku lina Bambo Feldstein, ogulitsa timabuku takale, anabwera ndi kabuku koyambirira ka ngwaziyo, kotsekeredwa m'pulasitiki yolimba kuti munthu asakakhudze. Anafotokoza monyada kuti mtengo wake ungagule nyumba, chifukwa wojambula analakwitsa: chala chaching'ono cha ngwaziyo n'chopindika, ndipo m'timabuku totsatira anachiwongola.

"Analakwitsa?" anafunsa madalawo. Anaika khofi pansi n'kusanjika dzanja lawo lamanzere papulasitikipo. Chala chawo chaching'ono, chimene chitsulo chinaphwanya kalekale, chinapindikira komweko, pamfundo yomweyo.

Bambo Feldstein anavula magalasi, n'kuvalanso.

"Chanucho mwachitsekera, mukuopa fumbi," anatero madalawo, chala chili m'mwamba kuti onse achione bwino. "Chenicheni ndi ichi, ndimatokosera m'khutu. Ndiye mupereka zingati, achimwene?"