Waya wa Pachigwa

Mvula yoyamba imagwa pamwamba pa phiri kumunsi kukadali dzuwa. Imeneyi ndiyo nyengo imene Wagiman sadya atakhala pansi. Phulusa lonse limene phiri lamotoli linalavula m'chilimwe limakhala likungodikira madzi, kuti litsike ngati phala, litanyamula miyala yonga nyumba. Anthu a kuno phirilo salitchula dzina. Amangoti Agogo.

Wagiman anabadwira m'mphepete mwa chigwa chomwechi, nakulira m'minda ya zipatso za salaki, minga yake ikumulemba m'manja. Matope oterewa ndiwo anatenga mkazi wake Ponirah, akuchapa kumtsinje tsiku lopanda mtambo. Choncho a boma atabwera kudzapingasa waya kumtunda kwa chigwa, woti matope akaudula lipenga lizilira kumunsi, iye anadzipereka kuti aziusamala.

Chaka chino lipengalo lanama kawiri. Koyamba inali nthambi yogwa, kenako anyani. Okumba mchenga mumtsinje anathawa kusiya malole, nabwerera akutukwana. Pakati pawo pali mng'ono wake, Tukijo.

M'mawa wina Wagiman anapeza chingwe cha lipenga chitazulidwa, waya atamasulidwa n'kumangidwa bwinobwino pamtengo. Mfundoyo anaizindikira. Inali ija bambo awo ankamangira ng'ombe.

Anatsikira kumchenga. Tukijo sanakane kuti ndiye anamasula wayawo. Anati lipenga lonama likugoneka ana ndi njala, ndipo oikawo amakhala m'tauni, sadziwa kulemera kwa fosholo. Wina anafunsa ngati anyani aja nawonso analembedwa ntchito ya boma, onse n'kuseka.

"Achimwene, Agogo akamatsokomola ife timawamva ndi mapazi," anatero Tukijo akuyatsa ndudu. "Waya wanuwo muziyanikapo zovala."

"Alamu ako Ponirah aja analibe mapazi?" anafunsa Wagiman.

Mafosholo anaima pang'ono, kenako anayambiranso. Tukijo, osayang'ana mkulu wake, anati Wagiman akaumanganso wayawo, iye adzaumasulanso.

Wagiman anatembenuka. Pokwera anakumana ndi azimayi akutsika ndi mitolo ya udzu wa ng'ombe kumsana, ndipo udzuwo unali wonyowa. Nsonga ya phiri inali itabisika mumtambo wakuda. Ankadziwa kuti lipenga likanamanso, palibe adzathawe ngakhale litanena zoona. Ankadziwanso kuti pamene Tukijo akukumba ndi pakatikati pa mtsinje, ndipo makoma ake ndi aatali, munthu sangawakwere mothamanga.

Atafika pa waya paja anayamba ndi mitengo. Anasadza nthambi zonse zolendewera pamwamba pa chigwa, nakolekera minga ya salaki pamene anyani amatsikira. Madontho oyamba anamugunda pakhosi. Anawoloka atakoleka waya paphewa, madzi ofiirira akumunyambita akakolo, nauzunguliza pachitsulo cha tsidya lina. Anaukoka mpaka unalira, namanga mfundo ya bambo awo. Kenako anabwerera, napukuta chingwe cha lipenga ndi malaya ake, nachilowetsa m'malo mwake.